Malonda aang'ono ku Chisepo: kuteteza mpamba pamene msika ukusintha

Malonda a pa Chisepo m'boma la Dowa, monganso a pa Madisi, Mponela ndi Malomo ku Ntchisi, amadalira thumba la mlimi, chifukwa wagolosale, wachigayo, watelala ndi wakabaza onse amapeza ndalama pamene mlimi wagulitsa mbewu zake. Pa chifukwa chimenechi, mwini bizinesi yaing'ono amene akufuna kuyenda ndi nthawi ayenera kudziwa kumene ndalama za makasitomala ake zikuchokera, mwezi umene zimafika ndiponso njira imene zimadzera, pakuti zonsezi zasintha kwambiri m'zaka makumi atatu zapitazi.

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, chaka cha malonda m'derali chinkatsatira msika wa okushoni ku Kanengo, ndipo pambuyo pake wa ku Chinkhoma m'boma la Kasungu. Mu 2012 boma linakhazikitsa ulimi wa mgwirizano, umene kampani yogula fodya imapereka feteleza ndi zipangizo zina pangongole n'kudzadula ngongoleyo pa nthawi yogulitsa, motero ndalama yofika m'manja mwa mlimi ndi yotsala pambuyo pa kudulako. M'zaka zomwezi mabanja ambiri anawonjezera soya ndi mtedza, mbewu zimene zimagulitsidwa pang'onopang'ono kwa mavenda a masikelo, ndipo pamene ADMARC inatsekedwa mu 2022 kuti ikonzedwenso, mphamvu ya ogula oyima pawokhawa inakulirakulira. Wamalonda amene amaunjika katundu wodula poyembekezera ndalama za mabelo zokha akhoza kumangirira mpamba wake m'mashelefu, pamene mnzake amene amapikula katundu wochepa koma pafupipafupi, n'kumagulitsa sopo, mchere ndi mafuta ophikira m'timiyeso tating'ono, amagulitsa chaka chonse.

Mpamba, kutanthauza ndalama imene imazungulira pogula ndi kugulitsa katundu, uli ndi mdani wamkulu amene ndi kugwa kwa mphamvu ya kwacha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi ya ku America inafika pa K1,700 m'mabanki. Zikatere, wogulitsa amene amaika mtengo potengera ndalama imene anagulira katundu mwezi watha amaona ngati wapeza phindu, koma akafika kokapikula ku Mponela kapena ku Lilongwe amapeza kuti ndalama yonse imene wasonkhanitsa siikukwana kugula katundu wofanana ndi amene wagulitsa. Mtengo woyenera ndi umene ukuwerengera ndalama yodzagulira katundu wina mawa, pamodzi ndi yolipirira ulendo, ndipo ngongole zopereka kwa makasitomala ziyenera kukhala za masiku ochepa, popeza ndalama yobwezedwa mochedwa imabwera itachepa mphamvu.

Apa ndi pamene foni yam'manja imasonyeza phindu lake lenileni. Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013, kotero kuti lero wagolosale akhoza kufunsa mitengo kwa opikulitsa angapo asananyamuke, kulipira pafoni, ndi kutumiza wakabaza wanjinga yamoto kukatenga katundu iye osatseka sitolo. Ena amakhala maajenti, ndiko kuti anthu amene amalandira ndi kupereka ndalama m'malo mwa kampani ya mafoni n'kumapatsidwa kangachepe pa ntchitoyo, ngakhale kuti ntchito imeneyi imafuna mpamba wakewake umene suyenera kusakanizidwa ndi wa m'sitolo. Kumene magetsi a ESCOM sanafike, mphamvu ya dzuwa yatsegula malonda otchaja mafoni, ometa tsitsi ndi oonetsa mpira, komabe chipangizo chilichonse chiyenera kugulidwa pokhapokha mwini wake atawerengera miyezi imene chidzatenge kuti chibweze ndalama yake. Foni yabweretsanso akuba amene amatumiza mauthenga onama onena kuti atumiza ndalama molakwitsa, choncho wamalonda ayenera kuona ndalama yotsala mu akaunti yake asanapereke katundu, ndipo nambala yake yachinsinsi asauze munthu aliyense.

Zida zonsezi zimathandiza munthu amene amalemba. Kope losonyeza katundu wolowa, wotuluka, ngongole ndi ndalama imene yatengedwa kukagwiritsidwa ntchito pakhomo ndi limene limauza mwini wake katundu amene akuyenda ndi amene wangokhala, ndiponso ndi umboni umene amauonetsa akafuna kubwereka ku banki mkhonde, gulu limene anthu amasonkha ndalama n'kumabwerekana pachiwongoladzanja chogwirizana, m'malo mothamangira katapila amene amadya mpamba wonse. Mabungwe a alimi monga NASFAM asonyeza kuti ogulitsa pamodzi amakambirana mtengo ali ndi mphamvu, ndipo amalonda a pamsika umodzi akhozanso kupikula pamodzi kuti agawane mtengo wa galimoto.

Bizinesi yaing'ono ya kumudzi imalipira fizi ya ana, imagula feteleza ndipo imasunga banja m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, choncho kugwa kwake kumapweteka anthu ambiri kuposa mwini wake yekha. N'chifukwa chake kufunsa mitengo sabata iliyonse, kulemba tsiku lililonse ndi kusintha katundu molingana ndi nyengo ya ndalama za alimi ziyenera kutengedwa ngati ntchito yofunika mofanana ndi kugulitsa kumene.