Pulogalamu ya ulere ija ingakulandeni zithunzi za ukwati

Inu amene mwangolowa kumene m'banja, ndi inu makolo amene mwadzimana n'kugulira mwana laputopu yoti apite nayo ku koleji, kodi mudafunsapo kuti mapulogalamu ali m'menemo adachokera kuti? Ambirife sitifunsa. Timanyamula kompyuta ya kaunjika kupita nayo kwa mnyamata wokonza, iye amasolola fulashi m'thumba, ndipo ola lisanathe Windows, Office, Photoshop ndi magemu a ana zili mbwee. Amangolipiritsa ya ntchito basi. Timabwerera kunyumba tikumwetulira, ati tachita mphumi.

Mapulogalamu amenewa ndi ogulitsa, ndipo eni ake adawaika loko. Popanda layisensi amakana kugwira ntchito bwino. Choncho pali anthu ena, omwe inu ndi ine sitidzawaona nkhope, amene amalemba kapulogalamu kothyola loko uja. Anyamata amakatcha crack, ndipo kotchuka kwambiri pa Windows ndi Office ndi KMSPico. Kuti kagwire ntchito kamafuna mukapatse mphamvu zonse pa kompyuta yanu, ndipo malangizo ake kawirikawiri amati yambani mwazimitsa antivayirasi. Apa ndiye pagona nkhani. Zili ngati munthu wosamudziwa akuuzeni kuti usiku uno mumange galu, musiye chitseko chosakhoma, iye abwera ndi mphatso. Mungavomere? Nanga iyeyo wachezera usiku kuthyola loko n'kukupatsani ulere, phindu lake alipeza pati?

Ena amalipeza pokugwirani pakhosi. Kuyambira cha m'ma 2018 pali vayirasi yotchedwa STOP kapena Djvu yomwe yasautsa anthu wamba m'maiko ambiri, ndipo njira yake yaikulu yolowera ndi mapulogalamu othyoledwa omwewa. Siilimbana ndi mabanki kapena makampani akuluakulu, imafuna kompyuta za m'nyumba ngati yanuyo. Ikalowa imakhoma chilichonse: zithunzi, makalata, mavidiyo, nyimbo. Mafailo mumawaona alipo ndithu, koma mukati mutsegule, ng'o. Kenako mumapeza kakalata kotchedwa _readme.txt kokuuzani kuti mulipire. Kwa zaka zingapo ankafuna madola 980 a ku America, kapena 490 munthu akachita changu pasanathe maola 72.

Tsono taganizirani zomwe zimakhala mu kompyuta ya banja. Zithunzi za chinkhoswe ndi ukwati, zomwe wojambula adakupatsani pa fulashi ndipo fulashiyo mudaibwereketsa kalekale. Kavidiyo ka mwana akuyamba kuyenda. Mawu a malemu agogo omwe wina adajambula pa mwambo wa banja. Kafukufuku wa mtsikana wanu wa chaka chomaliza, amene walemba miyezi isanu ndi umodzi ndipo akuyenera kukapereka Lolemba. Kabuku ka angongole a pa geni ya mayi. Kompyuta mungagule ina, koma izi zilibe sitolo. Kampani ya Emsisoft idatulutsa chida chaulere chomasulira mafailo otere mu 2019, koma chimathandiza pa mitundu ina yokha ya vayirasiyi, makamaka yakale. Kulipira nakonso ndi juga, chifukwa mukuchita malonda ndi mbala. Choipa china n'choti vayirasiyi nthawi zambiri imabwera ndi inzake yomwe ntchito yake ndi kutola mapasiwedi onse amene mudasunga mu kompyuta, a imelo, a Facebook, ngakhale a kubanki.

Ena sakuopsezani n'komwe, amangokugwiritsani ganyu mwakachetechete. Mu 2021 kampani ya Avast idaulula za vayirasi yomwe idaitcha Crackonosh, yobisala m'magemu othyoledwa monga Grand Theft Auto V, The Sims 4 ndi Far Cry 5. Idali italowa m'makompyuta oposa 220,000. Imazimitsa chitetezo chonse, kenako n'kumagwiritsa ntchito kompyuta yanu kupangira eni ake ndalama za pa intaneti zotchedwa Monero, ndipo adapeza zoposa madola 2 miliyoni. Makolo, mukaona laputopu ikutentha ngati mbaula, fani ikulira pomwe palibe akuigwiritsa ntchito, batire likutha msanga, musathamangire kunena kuti yakalamba. Mufunseni bwinobwino mnyamata wanu kuti gemu ija adaitenga kuti. Musamukalipire, chifukwa mwina adaphunzira kwa inu nomwe.

Palinso chizolowezi china cha okonza makompyuta. Akaika Windows yothyola, ambiri amatseka njira yomwe kompyuta imalandirira zigamba zochokera ku Microsoft, poopa kuti loko angabwerere. Zigambazo ndi zomwe zimatseka ming'alu yolowera akuba. Mu May 2017 vayirasi ya WannaCry idagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150, mpaka zipatala za boma ku Britain zidabweza odwala. Chonsecho Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chake mu March chaka chomwecho. Omwe adavulala ndi amene sadachilandire.

Mwina mukuti ife kompyuta tilibe, izi sizikutikhudza. Tulutsani foni. Ngati muli GB WhatsApp, nkhani ndi yomweyi. Imeneyo si ya kampani ya WhatsApp, ndi yosokedwa ndi anthu osadziwika, ndipo eni WhatsApp adachenjeza kuti akhoza kutseka nambala ya aliyense woigwiritsa ntchito. Ndikudziwa chomwe ena mumaikondera: imaonetsa mauthenga omwe bambo kapena mayi a kunyumba afufuta. Imeneyo ndi nkhani ya Lamulungu lina. Koma foni yomweyo ndi yomwe muli Airtel Money kapena Mpamba, ndi yomwe mumalandirira manambala achinsinsi ochokera kubanki, ndipo pulogalamu yachilendoyo mudaipatsa chilolezo choona zithunzi ndi manambala a abale anu onse.

Za malamulo sinditalikitsa. Lamulo lathu la Copyright Act la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza mapulogalamu a kompyuta monga momwe limatetezera nyimbo ndi mabuku. Timamvera chisoni oimba athu akamalira ndi anthu okopera nyimbo zawo, ndiye tisamadzinamize kuti izi ndi zosiyana. Inu amene mwatsegula kasitudiyo kapena malo otayipira ndi kusindikiza, dziwani kuti geni yanu yaima pa katundu wa eni.

Sindikunyoza umphawi wa munthu. Mapulogalamuwa mitengo yake ili m'madola, ndipo dola tonse tikuidziwa. Chondipweteka n'choti nthawi zambiri timaba chinthu chomwe tili nacho kale. Malaputopu ambiri amene adapangidwa kuyambira nthawi ya Windows 8 adabwera ndi layisensi yeniyeni yosungidwa mkati mwa makina momwemo, ngakhale akhale a kaunjika. Wokonza akatenga Windows yoyenera pa tsamba la Microsoft, lomwe salipiritsa kukopera, imadzitsegula yokha. Ambiri sayesa n'komwe, dzanja lidazolowera fulashi. Muuzeni ayambe wayesa zimenezo inu muli pompo. Antivayirasi nayo musagule yothyola, Windows ili ndi yakeyake yotchedwa Microsoft Defender.

Polemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama pali LibreOffice, yaulere mwalamulo, ndipo imatsegula mafailo a Word ndi Excel. Pokonza zithunzi pali GIMP, poonera mafilimu pali VLC. Mwana wa ku koleji akafunse ku ofesi ya makompyuta, chifukwa sukulu zina zili ndi mgwirizano wopatsa ophunzira Office kudzera pa imelo ya sukulu. Ngati kompyuta ndi yakale, kumbukirani kuti Microsoft idasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo Windows 10 mu October 2025 kupatula kwa omwe adalembetsa mwapadera. Yotereyo ikhoza kutsitsimuka ndi Linux Mint kapena Ubuntu, yomwe adayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Masiku oyamba mudzadandaula kuti mabatani asokonekera, koma ana amazolowera sabata isanathe.

Ngati mukukayikira kuti crack ili kale m'nyumba, kungoichotsa sikukwanira. Koperani zithunzi ndi makalata anu okha, osati mapulogalamu, kenako kompyuta ifufutidwe yonse n'kuyamba mwatsopano. Mapasiwedi musinthire pa foni kapena kompyuta ina yoyera, kuyambira wa imelo. Ndipo zithunzi za ukwati zija zikhale malo awiri: mu kompyuta, ndi pa fulashi kapena hard disk yapadera. Mukatha kukopera muizule n'kuiika m'sutikesi momwe mumasunga mtchatho ndi makadi a sikelo a ana, chifukwa ikakhala chilumikizire, vayirasi ija imakhoma ndi iyo yomwe.