GALIMOTO IKAYAMBA KUNJENJEMERA: PHUNZIRO LA KU CHELINDA

Ife anthu a kunyanja tinazolowera misewu yopanda zitunda zambiri. N'chifukwa chake pamene tinanyamuka ku Nkhotakota ndi mabanja athu kukaona Chelinda, m'kati mwa Nyika National Park m'boma la Rumphi, sitinaiganizire kwenikweni galimoto. Inali ya otomatiki, imodzi mwa zija zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan zimene zimalowa m'dziko muno kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe.

Titadutsa Nkhata Bay, pokwera kupita ku Mzuzu, galimoto inayamba kunjenjemera ngati ikuponda timabampu. Zinkachitika pa liwiro lapafupifupi makilomita 50 pa ola, dalaivala akamaponda moto pang'ono, ndipo posakhalitsa zinkasiya. Tinangoti ndi msewu, n'kupitiriza ulendo. Apa ndi pamene tinalakwitsa.

Kuchokera pa chipata cha Thazima kukafika ku Chelinda pali makilomita pafupifupi 60 a msewu wafumbi. Kumeneko galimoto iliyonse imagwedezeka, choncho vuto lathu linabisala. Tinafika madzulo, pamalo okwera mamita pafupifupi 2,300, kukuzizira koopsa, ndipo pansi pa galimoto pankatuluka fungo la chinthu chopserera. Ana ankasangalala ndi mbidzi, koma akuluakulufe mitima inali m'mwamba, poti galaja inali kutali.

M'mawa titapemphera Subuhi, dalaivala wina wachikulire amene amabweretsa alendo kumeneko anatithandiza. Anaimika galimoto pamalo athyathyathya, naisiya ikulira mpaka injini itatentha, giya ili pa P. Kenaka anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi n'kukapukutira pa nsalu yoyera. Oyiloyu akakhala wabwino amaoneka wofiira, koma wathu anali woderapo ndi wonunkha kupsa.

"Amwalimu, oyiloyu munasintha liti?" anatifunsa.

"Bambo, ife timangosintha wa injini," tinayankha mwamanyazi.

Anatifotokozera kuti pakati pa injini ndi giyabokosi pali chipangizo chotchedwa torque converter, chimene chimapereka mphamvu pogwiritsa ntchito oyilo. M'kati mwake muli kilatchi imene imagwira yokha galimoto ikafika pa liwiro lina, kuti mafuta asamathe msanga. Oyilo akakalamba kapena akapsa chifukwa chokwera zitunda ndi katundu wolemera, kilatchiyo imati kugwira, kutaya, kugwira, kutaya. Kumeneko ndiye kunjenjemera kuja.

Komabe anatichenjeza kuti si kunjenjemera konse kumene kumachokera ku giyabokosi. Muyeseni pa msewu wa tara wosalala, ndipo muonetsetse izi.

Choyamba, ikayamba kunjenjemera, musachotse phazi pa moto, koma gusani buleki pang'ono ndi phazi lamanzere, pamene kumbuyo kulibe galimoto ina. M'galimoto zambiri zimenezi zimamasula kilatchi ija. Kunjenjemera kukasiya nthawi yomweyo, kaikirani torque converter ndi oyilo wake.

Chachiwiri, ngati ikunjenjemera itangoima, giya ili pa D, yambani mwaona mapulagi ndi malabala amene injini imakhalirapo.

Chachitatu, ngati chikugwedezeka ndi chiwongolero, ndipo zikukula liwiro likamakwera, onani matayala. Ngakhale matope ouma m'kati mwa rimu amachititsa zimenezi.

Potsika anatilangiza kuika giya pa 2 kapena L m'malo otsetsereka kwambiri, ndi kumaima kuti galimoto izizire. Anatikumbutsanso kuti ya otomatiki siilira poikankha, ndipo kuikoka mtunda wautali matayala ali pansi kumaononga giyabokosi.

Titafika pa tara tinayesa za buleki zija, ndipo kunjenjemera kunasiyadi. Ku Mzuzu makaniko anasintha oyilo, nathiramo mtundu umene walembedwa m'buku la galimotoyo. Oyilo wa otomatiki si mmodzi ayi, ndipo wa giyabokosi ya CVT ndi wosiyana kotheratu. Alhamdulillah, vuto linatha. Makanikoyo anati tikanachedwa, kilatchi ikanaperepeseka ndipo tikanagula torque converter ina.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, anthu amene tawanyamula m'galimoto ndi amana imene Allah adzatifunsa. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) anaphunzitsa munthu wina kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenaka ayedzamire kwa Allah. Dua ya paulendo tinaiwerenga ndithu, koma ngamira yathu sitinaimange. Ndipo amene akufuna kugulitsa galimoto yonjenjemera amuuze wogula chilema chake, chifukwa kubisa chilema pa malonda n'koletsedwa m'chipembedzo chathu.

Ku Chelinda tidzapitanso, Insha Allah, koma tidzayamba taona oyilo tisanachoke ku Nkhotakota.