CIRONDA CA M'KAMWA CIMENE SICIPOLA

Usiku uno tikambe za nthenda imene madotolo aichula khansa ya m'kamwa.

Kwathu ku Chipata, kumene kale tinkati ku Fort Jameson, fodya tinamzolowera kale-kale. Amuna akoka wa m'kaliwo kapena wopicira m'pepala. Amai ena akonda wopera, amene a ku migodi ati nsunko, namuika pakati pa mlomo ndi usinini. Iwo ati, "Uyu alibe utsi, sapweteka." Pepani amai, apweteka ndithu. M'caka ca 1985 akatswiri a khansa a bungwe la IARC ku Lyon, m'dziko la France, anagamula kuti fodya woika m'kamwa abala khansa. M'fodyamo muli ululu wochedwa nitrosamine, ndipo woika fodya m'kamwa ausunga ululuwo pa malo amodzi nthawi yaitali, tsiku ndi tsiku.

Tsono tamvani za dzino. Khungu la m'kamwa liri lopyapyala, ndipo likapwetekedwa lidzikonza lokha msanga. Koma dzino losweka lakuthwa, kapena mano oikirira osakhala bwino, akanda pa lilime pomwepo usana ndi usiku. Mnofu upola, ung'ambikanso, upolanso. Dzino palokha silibala khansa kawiri-kawiri. Cimene licita ndi kutsegula njira, monga mng'alu wa m'cipupa umene ciswe cilowerapo. Ululu wa fodya ufika pa mnofu umene ulikuphuka mofulumira, nusokoneza kakulidwe kace, kufikira uyamba kukula osalekeza.

Kacasu ndiye aonjeza moto. Afewetsa khungu kuti ululu ulowe bwino, ndipo iyenso m'thupi asanduka ululu wina, acetaldehyde. Akatswiri omwe aja anauika mowa m'gulu lomweli mu 1988. Womwa ndi kukoka pamodzi ali pa ngozi yoposa kutari wocita cimodzi cokha.

Cimene cindimvetsa cisoni ndi ici: poyamba nthendayi kawiri-kawiri siwawa, motero munthu angoti ndi cironda wamba. Tengani kalirole muyang'ane m'mbali mwa lilime, pansi pace, ndi m'masaya. Mukaona banga loyera kapena lofiira losacoka, cotupa m'khosi, kapena cironda cimene catha masabata atatu osapola, pitani ku Chipata Central Hospital, ku Mwami, kapena ku St Francis ku Katete. Dzino losweka akalizule kapena akalisalaze. Opezeka ndi khansa atumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007.