Analemba ndani? Kuwerenga za pa 3 Malichi ku Nkhata Bay

Ambiri timaganiza kuti katswiri wa mbiri yakale ndi amene waloweza zaka ndi mayina. Mwana wa sukulu ku Mwaya angakuuzeni bwinobwino kuti pa 3 Malichi 1959 asilikali anawombera khamu padoko la Nkhata Bay, anthu akufuna kuti omangidwa amene anali m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Wanena zoona, koma ukatswiri suli pamenepo. Mu 1991 Sam Wineburg wa ku America anapatsa akatswiri 8 ndi ophunzira 8 zikalata zomwezomwezo za nkhondo ya ku Lexington ya 1775. Ophunzira ena ankadziwa zambiri za nkhondoyo kuposa akatswiri ena. Komabe anawo anakhulupirira kwambiri buku la m'kalasi. Akatswiri aja ankayamba kaye ayang'ana amene analemba, nthawi yake ndi cholinga chake, ndipo bukulo sanalidalire.

Palinso maganizo akuti chikalata cha boma sichinama. Mu 1959 Bwanamkubwa wa Nyasaland Robert Armitage ananena kuti Nyasaland African Congress inakonza chiwembu chopha azungu. Mu Julaye chaka chomwecho, komiti ya woweruza Patrick Devlin inati panali kulankhula zachiwawa ndithu, koma umboni wa chiwembu chokonzedwa chotero sinaupeze. Zonsezi ndi zikalata za boma limodzi la Britain.

Chiwerengero nachonso n'chovuta. Lipoti la Devlin linati ku Nkhata Bay kunafa anthu 20, pamene pamwambo wokumbukira timamva 31. Mwana amangofunsa kuti, "Aphunzitsi, pamayeso tilembe iti?" Katswiri amafunsa zina. Anawerenga mitembo ndani, tsiku liti? Kodi wovulala amene anakafera kumudzi analowa m'kaundula? Kwa ine mafunso amenewa ndiwo amalemekeza anthu amene anafa.

Ena amati za agogo ndi nthano chabe, ena amati agogo okha ndiwo sanama. Onse akulakwitsa. Agogo ndi mboni, ndipo mboni imafunsidwa mwaulemu: "Agogo, inu munaona nokha, kapena munamva kwa ena?"

Aphunzitsi, Malichi akamayandikira apatseni ana mawu a Armitage, a Devlin ndi a agogo a m'mudzi mwawo, ayerekeze okha asanalembe yankho.