Mwana wosakhazikika: mankhwala kapena ayi?

ADHD ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika ndiponso kuchita zinthu asanaganize. Padziko lonse, ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali nalo, ndipo kawirikawiri ndi lakumtundu. M'midzi ya ku Phalombe dzinali silimveka. Mwana wotere amangotchedwa wofuntha kapena nkhutukumve. Akamutuma mchere kugolosale, amabwerako chimanjamanja atayiwala chomwe anapitira. M'kalasi amadzuka phunziro lili mkati, amayankha funso lisanathe, ndipo kope lake limadzaza ntchito zosiyira panjira. Chikwapu sichimusintha, chifukwa sachitira dala.

Kholo likamva kuti mankhwala alipo, mtima umagawanika. Ena amaopa kuti mwana apusa kapena azolowera mapiritsi. Ena amaopa kunyozedwa kuti ali ndi mwana wa “ku mental”. Koma kungokhala osachitapo kanthu nakonso kuli ndi mtengo wake: mwana amabwereza kalasi, anzake amamusala, mapeto ake sukulu amaisiya.

Nkhani ya mankhwala isanabwere, pafunika kutsimikiza kuti vutolo ndi ADHD ndithu. Madokotala amaona ngati zizindikiro zinayamba mwana asanafike zaka 12, zatha miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo zikuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Kwa mwana wa ku Phalombe kufufuzaku n'kofunika kwambiri, pakuti zinthu zambiri zimafanana ndi vutoli. Mwana wopita kusukulu m'mimba muli pululu sangatsatire phunziro. Chimodzimodzi wochepa magazi, wosamva bwino chifukwa cha mafinya m'khutu, kapena wa khunyu lija longoti zii kwa kamphindi osagwa. Ana omwe anaona nyumba ndi abale akukokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akhoza kukhala osakhazikika chifukwa cha mantha osatha. Palinso malungo, omwe savuta kupeza m'madera a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti ana ena opulumuka ku malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu kapena khalidwe lovuta lofanana ndi ADHD. Choncho kholo lifotokozere adokotala matenda onse omwe mwana anadwalapo, buku lake la kuchipatala lili m'manja.

Vuto likatsimikizika, malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amaika patsogolo kuphunzitsa makolo ndi aphunzitsi kasamalidwe ka mwanayo. Amafunika kumuuza chinthu chimodzi pa nthawi, akumuyang'ana m'maso, ndi kumuyamikira pomwepo akachita bwino. Nthawi yodya ndi yogona ikhale yokhazikika. M'kalasi ya ana ambiri akhale kutsogolo, pafupi ndi aphunzitsi, ndipo azitumidwa kufufuta bolodi kapena kugawa makope kuti mphamvu zake zipeze kolowera.

Izi zikapanda kukwanira, m'pamene madokotala amaganizira za mankhwala a methylphenidate, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina loti Ritalin. Mankhwalawa sagonetsa, amathandiza mbali ya ubongo yomwe imawongolera chidwi ndi kudziletsa. Piritsi wamba limagwira ntchito kwa maola atatu kapena anayi. Sachiza vutolo, koma ana ambiri amatha kukhala pansi n'kumaliza ntchito. Zovuta zake n'zodziwika: kusafuna kudya, kusowa tulo, mutu, m'mimba, ndi kuchedwerako kukula. Pakhomo pomwe chakudya n'chapatali kale, kusadyako si nkhani yaing'ono, n'chifukwa chake mwana amayenera kupimidwa sikelo, msinkhu ndi kuthamanga kwa magazi pafupipafupi. WHO imati asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 6, ndipo wowayambitsa akhale katswiri.

Poyambira ndi chipatala chaching'ono chapafupi, chipatala cha boma cha Phalombe kapena cha Holy Family, komwe angatumize mwana kwa akatswiri ku Zomba Mental Hospital kapena ku Queen Elizabeth. Mapiritsi ogula pamsika kapena opatsidwa ndi mnansi kuti mwana “afatse” ndi oopsa, ndipo sayenera kupatsidwa kwa mwana aliyense.