Ulendo wa Pansi M'chigwembe cha Petra

Amayi anzanga, sabata ino tiyeni tichoke kaye pamafuwa, tipite ndi maganizo ku dziko la Jordan, kumene kuli mzinda wakale wa Petra. Anthu otchedwa Anabatea adausema m'matanthwe a m'chipululu zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo mu 1985 bungwe la UNESCO lidauika m'gulu la malo oyenera kusungidwa pa dziko lonse.

Pofuna kuuona mumalowera pa mpata wotchedwa Siq, wautali makilomita 1.2. Uku ndi uku kuli makoma a mwala wamchenga, ofiira ngati katondo, ndipo pena amayandikana mpaka kusiya mamita 3 okha. Potulukira mumangoti maso dwii pa Al-Khazneh, nyumba yosemedwa m'thanthwe, yotalika mamita pafupifupi 40. Olimba mawondo amapitirira kukwera masitepe ngati 800 mpaka ku Ad-Deir.

Tsono inu amene mumadziwa kulemera kwa ndowa pamutu, mukadayenda mu Siq maso anu akadagwa msanga pa ngalande zogobedwa m'munsi mwa makomawo. M'menemo, ndiponso m'mipope yadothi, Anabatea ankayendetsa madzi a pakasupe kulowa mumzinda. Madzi a mvula ankawasunga m'zitsime zokumba m'mwala. Ndi nzeru imeneyi anthu zikwizikwi adakhala pamalo pouma chotere.

Madzi omwewo ndiwo amaphanso. Thanthwe silimwa mvula msanga, choncho ikagwa kumapiri, madzi amathamangira m'chigwembe ngati napolo, ngakhale pamene mwaimapo pali dzuwa. Anabatea adamanga damu ndi kuboola phiri kuti awapatutse, koma damulo lidagumuka m'kupita kwa zaka. Mu 1963 madzi adakokolola anthu oposa 20 mu Siq, ambiri a iwo alendo a ku France. Pambuyo pake adalimanganso.

Nchifukwa chake woyenda m'malo otere amalawirira kusanatenthe, atavala nsapato zolimba ndi chophimba kumutu, atanyamula madzi akumwa okwanira. Eni dera akati lero musalowe, amamvera, pakuti mlendo sadziwa mitambo ya kwa eni.

Nanga ife, amene mvula imatigwera miyezi ingapo ndi kungopita kumtsinje? Pa msonkhano wa gulu lanu ukubwerawu, kambiranani za kutchera madzi a padenga ndi kukonza ngalande za pakhomo dzinja lisanafike.