Azula mipando, koma galimoto siipepuka

Mukaima m'mphepete mwa msewu ku Area 23, kwa Tsabango, m'mawa, simuchedwa kuona Sienta kapena Probox ikudutsa itazulidwa mipando yakumbuyo. M'malo mwake muli matumba a makala, mbatata kapena kabichi.

Ku America nakonso amazula mipando, koma n'cholinga choti galimoto ipepuke, ithamange. Mu 1965, Shelby GT350, yopangidwa kuchokera ku Ford Mustang, inkagulitsidwa yopanda mpando wakumbuyo. Pamalopo ankaikapo tayala la sipeya. Dodge Challenger Demon ya 2018 inkabwera ndi mpando wa dalaivala wokha, ndipo wofuna mipando inayo ankalipira dola imodzi pa mpando. Wakumbuyowo unkalemera makilogalamu pafupifupi 25, theka la thumba la chimanga. Pa mpikisano wa mamita 400, womwe umatha masekondi khumi asanakwane, kulemera kumeneku si kwamasewera.

Kwathu kuno masamu ake ndi ena. Munthu amachotsa theka la thumba n'kulongamo matumba asanu ndi limodzi, mashoko ndi mabuleki n'kumalira. Choopsa chimadza Lamulungu, galimoto yomweyo ikanyamula banja kupita kutchalitchi, ana atakhala pachitsulo kumbuyoko opanda lamba wowagwira.